Nsonga Imene Anasungirana

Delfina Archuleta anaimva nkhaniyo ali ndi kapu ya khofi m'manja, Misa itangotha, m'chipinda chapansi pa tchalitchi momwe timachezera Lamulungu lililonse. Tsiku limenelo anali ataimba bwino m'kwaya, ndipo mtima wake unali mbee.

"Bwera kuno ndikukumbatire, mwana wanga!" anatero Mayi Pacheco, amene amaima pafupi naye m'kwayamo. "Ndiye Emmett wako wamaliza mapiri onse! Koma iwe pachithunzi paja ndakusakasaka osakuona. Kapena unali wojambula?"

"Chithunzi chiti, amayi?"

Anthu m'chipindamo anayang'anizana. Leadville ndi tawuni yaing'ono, nkhani imayamba yazungulira makomo onse isanafike kwa mwini wake.

Mayi Pacheco anamupatsa foni. Pachithunzipo panali Emmett Skala, bwenzi la Delfina, atakhala pamiyala, kumbuyo kwake kuli thambo lokhalokha. Shelby Treloar, mtsikana wa tsitsi lofiira amene anakhala akumuzungulira Emmett kuyambira ali kusukulu, anali atamukoleka mkono m'khosi. M'dzanja linalo ananyamula chikatoni cholembedwa dzina la phiri ndi kutalika kwake, monga amachitira onse ofika pansonga. Dzinalo linali Phiri la Mtanda Woyera. Pansi pake Shelby analemba kuti: "Wamaliza zonse! Ndipo amene ndinali naye ndine."

Kuno ku Colorado nsonga za mapiri zopitirira mapazi 14,000 zilipo zoposa makumi asanu, ndipo munthu akaziyamba sapuma mpaka atazitha. Koma yomaliza sitikwera ndi munthu wamba. Timaisunga. Ena amaisunga zaka, kudikira kuti mwana akule kapena bambo achire, chifukwa munthu amamaliza kamodzi kokha pa moyo wake, ndipo amene waima naye pamenepo ndiye amene wamusankha pamaso pa Mulungu ndi anthu. Delfina ndi Emmett onse awiri anali atatsala ndi imodzi yomweyo. Analonjezana kuti adzaiponda limodzi chipale chofewa chisanatseke njira, ndipo panalibe wosadziwa funso limene Emmett ankasunga kuti akalifunse kumeneko.

Delfina anabweza foniyo ndi manja awiri.

"Zikomo, amayi," anatero. Anaika kapu patebulo mosamala ngati dzira, n'kutuluka.

* * *

Asanalize galimoto, foni yake inalira. Unali uthenga wa Emmett.

"Ndikudziwa kuti waona. Fina, sizili choncho."

"Zili bwanji?"

"Pansonga sindinafike. Ndikulumbira."

"Usalumbire Lamulungu. Machimo a dzulo akukwanira."

"Ndikubwera kwanu."

"Ababa alipo."

"Ndiima kumpanda."

Kumpanda ndi kumene Emmett ankathera masiku onse. Bambo Eloy Archuleta, bambo ake a Delfina, anamuletsa kulowa pachipata chawo kuyambira chaka chatha, pamene anamutengera Delfina kunsonga ina mitambo itadera kale. Tonse timadziwa kuti dzuwa likamafika pamutu, munthu azikhala akutsika, chifukwa mphenzi za masana sizifunsa dzina. Koma Emmett ananena kuti kwatsala pang'ono, tiyeni timalize. Anatsika akuthamanga m'matalala, mphenzi itang'amba mwala patsogolo pawo. Delfina anamukhululukira sabata yomweyo. Bambo ake ayi.

Emmett anafika chipewa chili m'manja, nkhope itapsa ndi dzuwa la m'phiri.

"Mnzake wa Shelby amene amati apite naye anadwala," anayamba motero. "Shelby anandiimbira Lachisanu akulira, akuti apita yekha. Phiri lija ukulidziwa, Fina, anthu amasochera potsika. Ndikanamusiya?"

"Amuna mu Leadville anatha? Mwatsala inu nokha, Msamariya wathu?"

"Ndinamuuza tisananyamuke kuti ine pansonga sindifika. Titayandikira ndinakhala pamwala, ndinafulatira nsonga, sindinacheuke n'kamodzi komwe. Iye anakwera, anabwerako, anaimika foni pamwala, anakhala pambali panga n'kujambula. Zoti wakweza chikatoni sindinaone."

"Unandiuza kuti ukukathandiza amalume ako kudula nkhuni."

Emmett anayang'ana nsapato zake.

"Ndimaopa kuti ukwiya."

"Ndiye mwayi wako, taona mmene ndikusekeramu."

"Fina, tamvera. Nsonga ikadali yathu. Sindinaikhudze."

"Nsonga!" Delfina anagwira mpanda mwamphamvu. "Unawoloka naye mtsinje. Unamugwira dzanja pamiyala yoterera. Dzuwa linakutulukirani muli awiri pampata paja pamene phiri limayambira kuoneka, pamene ine ndakhala ndikulota kuti ndidzaliona ndili pambali pako. Mwadya mbale yonse, ine wandisungira makombo, ndiye ukufuna ndigwade ndikuthokoze?"

"Ndinalakwa kubisa. Chimenecho ndavomera."

"Ndipo ndani anaona kuti sunaponde? Mbira za m'miyala? Mayi Pacheco akufuna kukuphikira keke, Emmett! Tawuni yonse ikuti wamaliza ndi Shelby, ndipo ine akundiyang'ana ngati namfedwa."

Zenera linatseguka. Bambo Eloy anasuzumira, kapaipi ka mpweya kali m'mphuno, pakuti fumbi la mumgodi linawadyera mapapo.

"Mnyamata iwe," anatero mosakweza mawu. "Mpandawo ndapenta chaka chomwe chino. Usautsamire."

* * *

Lolemba Delfina anakumana ndi Shelby m'sitolo, pakati pa mashelefu a zakudya za m'zitini. Akanatha kulambalala. Sanalambalale.

"Aa, amayi a kwaya!" Shelby anamwetulira mano onse pamtunda. "Mumatikumbukira m'mapemphero?"

"Uchotse chithunzi chija."

"Chifukwa chiyani? Ndinatuluka bwino kwabasi."

"Emmett akuti pansonga sanafike."

Shelby anaseka mpaka mayi wina wokankha ngolo anacheuka.

"Akutero? Mwamuna akakuuza kuti anafika pakhomo la bawa koma sanalowe, iwe umati amen? Ine ndinali komweko, achemwali. Iwe unali kuti? Kophunzira nyimbo."

"Ndakufunsa chinthu chimodzi. Anaponda kapena sanaponde?"

"Funsa chithunzi, chili ndi maso." Shelby anaponya chitini cha nyemba m'basiketi. "Koma ndikuuze chilungamo. Mnyamata uja wamusungitsa phiri ngati nyama ya mufiriji, kudikira kuti bambo ako adzavomere. Adzavomera liti? Phiri silidikira munthu. Mwamunanso chimodzimodzi."

Delfina anamuyang'ana m'maso. Anakumbukira kuti lilime ndi kamoto kakang'ono kotentha nkhalango yonse, koma kukumbukirako sikunamuthandize.

"Iwe wakwera nsonga zingati, Shelby? Sizikwana ndi zala za dzanja limodzi. Waba chinthu chimene sukudziwa n'komwe kulemera kwake. Uli ngati khwangwala amene watola mphete. Ukuikonda chifukwa ikunyezimira, koma chala choivalira ulibe."

Kumwetulira kuja kunazima pang'ono, kenako kunabwerera.

"Komabe ili kukamwa kwa khwangwala," anatero Shelby, n'kupita kokalipira.

* * *

Madzulo Delfina anaika patebulo nyama ya nkhumba yophika ndi tsabola wobiriwira. Bambo Eloy anapemphera pemphero lalitali, kuthokoza Ambuye amene amaulula zobisika, ndipo Delfina anadziwa kuti pempherolo likunena ndani.

"Ndinanena ine," anatero akunyema mkate.

"Ababa, musayambe."

"Munthu wosadziwa kubwerera paphiri, m'banjanso sadzadziwa kubwerera. Akaona chimene maso ake afuna, amangoti kwatsala pang'ono."

"Akuti ulendo uno anaima."

"Akuti." Bambo Eloy anakoka mpweya. "Ndinagwira ntchito mumgodi ndi bambo ake. Nawonso ankati akuti."

Delfina anaika supuni pansi.

"Mukusangalala, eti? Mtima wanga ukuwawa, inu mukudya mpaka kuwonjezera."

"Sindikusangalala. Ndikuthokoza kuti zadziwika mphete isanalowe."

Pakhoma panali chithunzi cha malemu Mayi Ofelia, amayi ake a Delfina, atavala chipewa cha dzuwa. Iwo ndi amene anamuyambitsa mapiri ali kamtsikana, kumunyengerera ndi maswiti pokwera Elbert, nsonga yoposa zonse kuno. Nawonso anasunga Mtanda Woyera. Chaka chilichonse chipale chikayamba kusungunuka, ankakwera naye njira ya kumsana wa phiri mpaka pa kanyumba ka miyala kamene kali tsidya lina la chigwa. Pamenepo ndi pamene mtanda umaoneka wathunthu, chipale chitatsalira m'ming'alu iwiri ya phiri, wina woimirira wina wopingasa. Ankagwada, ankaimba, n'kunena kuti, "Chaka chamawa, Fina." Matenda anawatenga chaka chamawacho chisanafike. Analiona patali chabe, monga munthu wa Mulungu uja anaonera dziko la lonjezo ali paphiri, osaliponda.

"Mawa ndikukwera," anatero Delfina. "Ndekha."

Bambo Eloy analeka kutafuna.

"Pawailesi akuti mitambo ibwera msanga."

"Ndidzakhala nditatsika."

"Ukukwera ndi mkwiyo, mwana wanga. Mkwiyo suona mitambo."

"Mumafuna ndimusiye. Ndikumusiya. Ndikakaponda pamenepo, palibenso chimene tasungirana. Amayi anadikira mpaka kufa, ine ndadikira mpaka kusekedwa m'sitolo. Kwakwana."

Nkhalambayo inakonza kapaipi m'mphuno, makina a mpweya akupuma pakona.

"Udzera njira iti?"

"Yakumpoto, yachidule. Ya amayi ndi yaitali, ndipo pamsana paja palibe pobisala."

"Ukaona mtambo wakuda pansi pake, ubwerere."

"Ndine mwana wanu, ababa. Kubwerera ndimakudziwa."

* * *

Ananyamuka m'bandakucha. Pamene ankafika pampata, dzuwa linali litangomenya phiri, miyala yake ikufiira ngati makala. Delfina anaima, misozi inabwera, koma inali ya ukali. "Apa ndiye anaima naye apa," anadziuza, n'kupitirira osajambula.

Njira imeneyo ndi yozunza mtima. Ukakwera mpata, imakutsitsanso mpaka kumtsinje, kuti uyambirenso. Masamba anali atayamba kale kuchita chikasu. Delfina anawoloka madzi podumpha miyala, osagwiridwa dzanja ndi munthu. Anayesa kupemphera korona, koma pakati pa pemphero pankatulukira nkhope ya Shelby. Anayesa nyimbo imene amayi ake ankaimba pa kanyumba ka miyala, koma mpweya unali wochepa ndipo mawu ankatuluka ngati akukalipira munthu.

"Ambuye, Inu munaona," ankatero akupuma mwawefuwefu. "Inu nokha munaona. Bwanji osandiuza?"

Mitengo inatha. Kunatsala miyala yokhayokha, ikuluikulu ngati mafiriji, yosanjikizana mpaka kumwamba. Anthu ochepa amene anali m'phirimo tsikulo anakumana nawo akutsika kale. Mkulu wina wandevu zoyera anamulozera kumadzulo.

"Chemwali, mwauona mtambo uwo?"

"Ndauona. Kwatsala pang'ono."

Mawuwo atangotuluka, anadziwa kuti ndi a ndani. Anachita manyazi, koma sanaime.

Ndiye anafika pa mwala wina, ndipo miyendo inangoima yokha.

Unali mwala wophwatalala, wong'ambika pakati, wokhala ndi mzere woyera ngati wa choko. Chithunzi chija Delfina anali atachiyang'ana mpaka maso kuwawa, ndipo mwala umenewu ankaudziwa ngati mpando wa kukhitchini kwawo. Anatulutsa foni kuti atsimikize. Mng'alu womwewo. Mzere womwewo, pansi pa dzanja la Emmett. Shelby anajambula mopendeketsa, nsonga n'kuisiya kunja, kuti kumbuyo kuoneke thambo lokha.

Delfina anakweza maso. Nsonga inali pamwamba pake, pafupi poti mwana akhoza kuponyapo mwala. Koma apa sipanali pansonga.

Anakhala pamwalapo monga anakhalira Emmett, kufulatira nsonga. Anamva mmene msana wake umayabwira kufuna kucheuka. Mnyamata amene anathamangira nsonga mphenzi zikung'anima, amene sanasiyepo phiri lililonse losamaliza, anakhala pano tsiku lowala bwino, nsonga yake yomaliza ili kumbuyo kwake, n'kukana kucheuka.

"Chitsiru," anatero Delfina, akupukuta mphuno ndi golovesi. "Chitsiru chabodza. Nkhuni za amalume!"

Mkwiyo sunathe. Bodza la nkhuni linali bodzabe, ndipo mtsinje anawolokabe ndi Shelby. Anaimirira n'kuyang'ana makombo aja. Anali ake. Palibe akanamudzudzula. Amayi ake anafa osaponda pamenepo, ndipo iye anali atafika.

Mphepo inasintha, inabwera yozizira, yonunkha mvula. Ndodo zake zoyendera zachitsulo zinayamba kulira pang'onopang'ono ngati njuchi, ndipo tsitsi la m'khosi linaimirira. Mtambo uja unali utafika, pansi pake pali bii.

Delfina anachita chizindikiro cha mtanda.

"Sindinakukhululukire, Emmett Skala," analankhula mokweza, ngati ali pomwepo. "Usadzinamize. Ndangokusungira, monga unandisungira."

Anatembenuka n'kuyamba kutsika.

* * *

Asanapite patali foni inalira m'thumba. Pamwamba chotere nthawi zina imagwira. Anabisala kuseri kwa mwala waukulu n'kuyankha.

"Fina! Uli kuti?" Anali bambo ake, mawu akudukaduka.

"Ndikutsika, ababa. Sindinaponde. Ndabwerera."

"Ambuye alemekezeke. Ambuye alemekezeke, mwana wanga."

"Ababa, Emmett ananena zoona. Ndaupeza mwala wa pachithunzi paja. Uli m'munsi mwa nsonga. Anaimadi."

Delfina ankangomva makina a mpweya.

"Ababa?"

"Mnyamata uja anabwera m'mawa, iwe utangochoka. Anaona kuti galimoto yako palibe. Analowa pachipata, Fina, osapempha. Anagogoda ngati wapolisi. Akuti nyengo ya lero si yoti munthu akhale yekha m'phiri, ndimuuze njira imene wadzera."

"Ndiye munamuuza."

"Ndinamuuza kuti wadzera njira ya amayi ako."

Delfina anakanikiza foni kukhutu.

"Mwati chiyani?"

"Njira zonse ziwiri zimayambira pamalo amodzi. Akaona galimoto yako pamenepo, sakayika. Ndimafuna akusiye umalize mwamtendere. Ndimati akafika pa kanyumba ka miyala, akaona mitambo, abwerera."

"Abwerera? Ababa, inu ndi amene mwakhala mukulalikira chaka chathunthu kuti Emmett sadziwa kubwerera! Mwamutumiza pamsana popanda pobisala, mukudziwa kuti akuganiza kuti ine ndili patsogolo pake! Munapemphera dzulo za Mulungu woulula zobisika, m'mawa n'kunama musanamwe ndi khofi yemwe!"

"Ndamuimbira. Sikulowa. Ndaimba mpaka chala chatopa." Nkhalambayo inayamba kutsokomola. "Ndachimwa, mwana wanga. Koma iwe tsika. Ndakupempha, tsika."

Bingu loyamba linagunda, ndipo phiri lonse linayankha.

Delfina anatuluka kuseri kwa mwala uja n'kukwawira pamphepete, pamene chigwa chimaonekera. Tsidya linalo msana wautali unkazungulira ngati chikwakwa, kuchokera ku kanyumba ka miyala kubwera kunsonga. Anausakasaka ndi maso, matalala oyamba akumumenya kumaso. Kenako anakaona: kadontho kofiirira ngati lalanje, mtundu wa jekete imene iye mwini anamugulira Emmett pa Khirisimasi. Kanali katapitirira kale theka la msanawo. Sikankatsika. Kankathamanga, kulowera kumene mtambo unali wakuda kwambiri, kumene kankaganiza kuti kuli Fina.

Anakuwa dzina lake. Mphepo inalimeza.

Njira ya kumsana ndi njira yakumpoto zimakumana malo amodzi okha, ndipo Delfina ankawadziwa. Kuti amufikire Emmett n'kumubweza, ankayenera kudutsa pansonga penipeni, yekha, mphenzi zili pamutu. Nsonga imene anali atangomusungira.

"Fina!" mawu a bambo ake ankamveka pang'ono m'dzanja lake. "Fina, wandimva? Unalonjeza kuti kubwerera umakudziwa!"

Delfina anaponya ndodo zachitsulo zija pansi. Anayang'ana njira yotsika, imene inali poyera mpaka kumitengo. Anayang'ana kumwamba.

"Ndimakudziwa, ababa," anatero. "Ndikubwerera kumene."

Anaika foni m'thumba ikulankhulabe, n'kuyamba kukwera.